Shuttle Row: nyumba yobadwiramo Livingstone imene inatsala pang'ono kugwetsedwa

Mukatchula Blantyre kuno kwathu, anthu amaganiza za Ndirande, Soche ndi Michiru. Komatu dzinali n'lobwereka. Mwini wake ndi katauni kena ka ku Scotland, m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa Glasgow. Kumeneko kuli nyumba ina yosanja, yopaka zoyera, yotchedwa Shuttle Row, ndipo m'kachipinda kamodzi ka nyumbayi ndi mmene David Livingstone anabadwira pa 19 Marichi 1813.

Lero alendo ochokera m'maiko osiyanasiyana amakaiona nyumbayi ili yowala, denga lake lili gwa. Ambiri sadziwa kuti zaka pafupifupi 100 zapitazo inali chinyumba chonyansa, chodontha, chimene eni ake anali atatsimikiza zochigwetsa. Chinaipulumutsa ndi khama la anthu wamba, makamaka ana a Sande sukulu. Mbiri ya nyumbayi ikutikhudza chifukwa nafenso tili ndi nyumba zakale zimene zikuyembekeza wozikumbukira.

Mdadada wa antchito a pafakitale

Shuttle Row sanaimangire munthu wolemekezeka ayi. Cha m'ma 1785, mkulu wina wamalonda dzina lake David Dale anatsegula fakitale yopota ulusi wa thonje pa Blantyre. Anasankha malowo chifukwa cha mtsinje wa Clyde, popeza masiku amenewo makina ankayendera mphamvu ya madzi. Fakitale inafuna anthu ambiri, ndipo anthuwo anafuna pogona, choncho kampani inamanga midadada ya nyumba pafupi ndi ntchito. Shuttle Row inali umodzi mwa midadada imeneyo. Patapita zaka zochepa fakitaleyi inapita m'manja mwa banja la Monteith, limene linaiyendetsa kwa nthawi yaitali.

M'nyumba imodziyi munkakhala mabanja 24, banja lililonse chipinda chimodzi. Chipindacho chinali cha mamita anayi m'litali ndi atatu m'lifupi, kapena kuposerapo pang'ono. Kuphika, kudya, kugona, kupemphera ndi kubereka ana, zonse zinkachitikira momwemo. Mabedi ankawalowetsa m'khoma, ndipo pansi pake pankakhala timabedi tina ta mateyala timene ankatikoka usiku kuti ana agonepo. Madzi ankatunga panja n'kukwera nawo masitepe ozungulira kukafika kumtunda. Amene anakhalapo m'nyumba za antchito za m'maesiteti a tiyi ku Thyolo kapena ku Mulanje akhoza kumvetsa umoyo wake: nyumba ndi ya kampani, sitolo ndi ya kampani, belu lokudzutsa m'mawa ndi la kampani.

Agogo ake aamuna a Livingstone anachoka pa chilumba cha Ulva mu 1792 kudzafuna ntchito pafakitalepa. Bambo ake, Neil Livingstone, ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa masamba a tiyi, kwinaku akugawa timapepala ta Mawu a Mulungu. Mayi ake anali Agnes Hunter. David anali wachiwiri kubadwa, ndipo atakwanitsa zaka 10 analowa ntchito pafakitale monga ana ena onse a pamudzipo. Ntchito yake inali yolumikiza ulusi ukaduka pa makina. Ankayamba 6 koloko m'mawa n'kuweruka 8 koloko usiku, kenako n'kukalowa m'kalasi ya sukulu ya kampani kwa maola ena awiri. Pa malipiro ake oyamba anapatulapo ndalama yogulira buku la galamala ya Chilatini. Mu 1836 anayamba maphunziro a udokotala ku Anderson's College mu Glasgow, ndipo kumapeto kwa 1840 anakwera sitima ya pamadzi kupita ku Africa, atatumidwa ndi London Missionary Society.

Pali chinthu chimodzi chimene sitiyenera kuchilumpha. Thonje lambiri limene mafakitale a ku Britain ankapota nthawi imeneyo linkalimidwa ndi akapolo a ku Africa m'minda ya ku America. Mnyamata amene anadzatchuka polimbana ndi malonda a akapolo anakulira pa ndalama ya ulusi wa thonje lotere. Makoma a Shuttle Row akusunga mbali zonse ziwiri za nkhaniyi.

Mmene nyumba inasandukira bwinja

Livingstone anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, ndipo anaikidwa ku Westminster Abbey mu London pa 18 Epulo 1874. Dzina lake linamveka dziko lonse. Mu Okotobala 1876 amishoni a Church of Scotland, motsogozedwa ndi Henry Henderson amene anasankha malo, anakhazikitsa mishoni kumapiri a Shire n'kuitcha Blantyre pokumbukira kumene iye anabadwira. Chaka cha 1875 anzawo a Free Church of Scotland anali atatsegula kale Livingstonia ku Cape Maclear.

Pamene dzina linkakula kunja, nyumba yobadwiramo mwini dzinalo inkatha. Malonda a thonje pa Blantyre analowa pansi pang'onopang'ono. Dera lonse linatembenukira ku migodi ya malasha, ntchito yoopsa imene mu 1877 inapha anthu oposa 200 tsiku limodzi mgodi wina utaphulika pa Blantyre pomwepo. Pofika mu 1904 kampani ya fakitale ya thonje inali itagweratu. Malowo anadzakhala m'manja mwa kampani ya malasha ndi zitsulo ya William Baird, ndipo midadada yakale ija inayamba kugwetsedwa umodziumodzi.

Nyumba imatha motsatira njira yodziwika, kaya ndi ku Scotland kaya ndi kuno. Choyamba mwini wake amasiya kuiona ngati chuma. Okhalamo amakhala alendi osauka amene alibe mphamvu kapena chifukwa choikonzera. Denga likayamba kudontha palibe wokwerapo. Madzi amalowa m'mitanda, mitanda imawola, pulasitala amayamba kuyoyoka, chinyontho chimakwera m'makoma. Ku Scotland, kumene mvula imagwa pafupifupi chaka chonse ndipo madzi amaundana m'ming'alu nyengo yozizira, zimenezi zimachitika mofulumira. Shuttle Row inadutsa m'njira yonseyi. Akuluakulu a boma anafika poigamula kuti si yoyeneranso kukhalamo anthu. Anthu obwera kudzaona pobadwira ngwazi yawo ankabwerera ali ndi manyazi.

M'busa, mmisiri ndi ana a Sande sukulu

Mu 1925 zinamveka kuti nthawi ya Shuttle Row yakwana. Apa ndi pamene anthu ochepa anaimirira n'kunena kuti ayi. Anakhazikitsa komiti yoti igule nyumbayi ndi kuisandutsa chikumbutso cha dziko lonse la Scotland. Patsogolo panali m'busa James Macnair, amene anagwira ntchito yokopa mipingo ndi anthu akufuna kwabwino, ndi katswiri wolemba mapulani a nyumba ndi matauni, Frank Mears.

Kusankhidwa kwa Mears kunali kwa mwayi. Iye anali mkamwini wa Patrick Geddes, munthu amene ankaphunzitsa kuti dera lakale la mzinda likawonongeka, mankhwala ake si kuligumula lonse. Geddes ankati mmisiri ayambe wayendera malowo mofatsa, achotse chovunda chokha, asunge chimene chili ndi moyo, ndipo alowetse kuwala ndi mpweya. Maganizo amenewa anali atawayesa kale m'makwalala akale a mzinda wa Edinburgh. Mears anabwera nawo ku Shuttle Row, ndipo n'chifukwa chake nyumbayi sanaisandutse chinyumba chachifumu. Anaisiya ikuonekabe kuti inali nyumba ya anthu osauka.

Vuto linali ndalama. Pempho la chithandizo linatuluka mu 1926, chaka chimene Britain anagwedezeka ndi sitalaka ya antchito a m'dziko lonse. Sitalakayo inatha patapita masiku 9 m'mwezi wa Meyi, koma antchito a m'migodi anakhala pakhomo osalandira kanthu kwa miyezi yambiri. Blantyre, pokhala tauni ya malasha, inali pakati penipeni pa njala imeneyo. Anthu olemera amene komiti inkawadalira sanapereke monga mmene inkayembekezera.

Komiti inatembenukira ku mipingo, makamaka ku ma Sande sukulu. Ana a m'matauni ndi m'midzi ya ku Scotland ankabwera ndi timakobili tawo Lamulungu lililonse, ndipo aphunzitsi awo ankasonkhanitsa n'kutumiza. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo: mu 1927 nyumba ija pamodzi ndi malo ozungulira inagulidwa.

Ntchito inatenga zaka ziwiri. Amisiri anakonza denga ndi makoma, n'kuboola makoma ena a mkati kuti tizipinda ta mabanja tija tilumikizane, mlendo azitha kuyenda kuchoka m'chipinda china kulowa china akutsatira moyo wa Livingstone. Chipinda chobadwiramo anachisunga mmene zipinda zoterezi zinkaonekera, ndi mabedi ake a m'khoma ndi pamoto pake. Wosema ziboliboli Pilkington Jackson anapanga zithunzi zowumba zosonyeza magawo a moyo wa Livingstone mu Africa. Mabanja ndi mipingo anapereka makalata, mabuku, zida za udokotala ndi zoyezera njira zimene ankazisunga. Malo amene panali midadada ina anawasandutsa paki yoti ana azisewerapo.

Pa 5 Okotobala 1929, Duchess of York, mayi wa Elizabeth amene pambuyo pake anadzakhala Mfumukazi Elizabeth II, anatsegula nyumbayi. Mwezi womwewo usanathe, msika wa masheya ku New York unagwa ndipo chuma cha dziko lapansi chinasokonekera kwa zaka zingapo. Komiti ija ikanazengereza pang'ono, mwina ndalama sizikanapezekanso.

Kukonza si kwa tsiku limodzi

Kwa zaka zambiri Shuttle Row inali malo amene mwana aliyense wa Sande sukulu m'chigawo chimenecho cha Scotland ankapitako kamodzi pa moyo wake. Koma nthawi inasintha. Maiko a mu Africa analandira ufulu wodzilamulira, anthu opita kutchalitchi ku Scotland anachepa, ndipo achinyamata anayamba kufunsa mafunso okhudza amishoni ndi atsamunda amene nyumbayi sinkawayankha. Alendo anachepa, ndalama za pakhomo zinachepa, ndipo chinyontho chinayambanso ntchito yake.

Mu 1999 bungwe la National Trust for Scotland linayamba kuyendetsa malowa mogwirizana ndi bungwe la David Livingstone Trust, eni nyumbayi. Mu 2004 panaikidwa chiboliboli chachikulu chosonyeza mkango ukumugwira Livingstone ku Mabotsa mu 1844. Anapereka ndi Ray Harryhausen, katswiri wa mafilimu, amene mkazi wake anali chidzukulu cha Livingstone. Mu 2013, pokumbukira zaka 200 chibadwire Livingstone, mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Joyce Banda, anakafika ku Blantyre wa ku Scotland. Koma zikondwerero sizimata denga. Nyumba inafunika ntchito yaikulu.

Mu 2017 zitseko zinatsekedwa. Ndalama zinachokera ku thumba la lotale la ku Britain losamalira zinthu zakale, ku boma la Scotland, ndi ku bungwe la Historic Environment Scotland. Poyamba ntchitoyi anaiwerengera mapaundi 6.1 miliyoni, koma pomaliza inadya mapaundi 9.1 miliyoni. Aliyense amene anakonzapo nyumba yakale sangadabwe, chifukwa zovunda zenizeni zimaoneka mukayamba kusasula. Mliri wa Covid-19 nawo unachedwetsa ntchito. Katundu yense wa m'nyumbamo, zinthu zikwi zingapo, anamutulutsa, kumulemba m'kaundula ndi kumusamala, uku amisiri akukonza denga, makoma ndi mawindo.

Kukonza nyumba ya msinkhu umenewu kuli ndi malamulo ake, ndipo Shuttle Row ili m'gulu loyamba la nyumba zotetezedwa ndi lamulo ku Scotland, kotero mwini wake sangasinthe kanthu popanda chilolezo. Akatswiri a nyumba zakale amalimbikira mfundo zingapo. Yamba ndi madzi: denga, mipaipi yotsitsa madzi a mvula ndi ngalande, chifukwa kupaka penti khoma lonyowa n'kutaya ndalama. Gwiritsa ntchito zipangizo zofanana ndi zimene omanga oyamba anagwiritsa. Makoma akale a miyala anamangidwa ndi laimu, amene amalola chinyontho kutuluka. Ukawamata ndi simenti yolimba, madzi amatsekeredwa mkati ndipo khoma limawolera m'kati likuoneka bwino kunja. Chimene chingathe kukonzedwa usachichotse, ndipo chilichonse chimene wasintha uchilembe kuti odzabwera m'mbuyo adzadziwe.

Nkhani nayo inafunika kukonza

Nyumbayi itatsegulidwanso pa 28 Julayi 2021, ndi dzina lakuti David Livingstone Birthplace, chosintha chachikulu sichinali pa makoma. Chionetsero cha 1929 chinkaonetsa mzungu mmodzi wolimba mtima akuyenda yekha m'dziko la mdima. Chionetsero chatsopano chinabwezeretsa anthu amene anali naye.

Mmodzi mwa iwo ndi James Chuma, Myao amene anapulumutsidwa m'manja mwa ogulitsa akapolo kumapiri a Shire mu 1861 ali kamnyamata. Wina ndi Abdullah Susi, amene anayamba kugwira ntchito ndi Livingstone kumtsinje wa Zambezi. Livingstone atamwalira kwa Chitambo, awiriwa ndi anzawo anakwirira mtima wake pansi pa mtengo wa muula, anaumitsa thupi lake, n'kulinyamula ulendo wa miyezi pafupifupi 9 mpaka kukafika ku Bagamoyo m'mphepete mwa nyanja ya mchere mu Febuluwale 1874. Ena mwa iwo anafera m'njira. Jacob Wainwright, amene anazokota mawu a chikumbutso pa mtengo uja, ndiye Mwafirika yekhayo amene ananyamula nawo bokosi ku Westminster Abbey. Chuma ndi Susi anafika ku Britain maliro ataikidwa kale, ndipo anathandiza Horace Waller, amene ankakonza mabuku a ulendo a Livingstone kuti asindikizidwe, kulongosola za masiku omaliza a Livingstone.

Mary Moffat, mkazi wa Livingstone, amene anabadwira kum'mwera kwa Africa ndipo anamwalira ku Shupanga mu 1862, nayenso anapatsidwa malo ake. Ziboliboli za Pilkington Jackson sanazitaye. Anazikonza n'kuzisiya, koma anapempha mlembi wa ku Zimbabwe, Petina Gappah, kuti athandize kufotokoza nkhani za Aafirika amene akuoneka m'ziboliboli zimenezo. Apa anachita mwanzeru. Kuchotsa zakale kukanabisa mmene anthu a 1929 ankaganizira, pomwe kuzisiya zokha popanda mawu ena kukanapitiriza bodza lakuti munthu mmodzi anachita zonse. Paja mutu umodzi susenza denga.

Nanga zathu?

Ubale wa Malawi ndi Scotland sunathe ndi amishoni. Dziko lino litalandira ufulu mu 1964, maina ambiri achitsamunda anasinthidwa: Fort Johnston inakhala Mangochi, Port Herald inakhala Nsanje, Fort Hill inakhala Chitipa. Blantyre ndi Livingstonia anasiyidwa. Mu 2005 Bingu wa Mutharika ndi nduna yaikulu ya Scotland pa nthawiyo, Jack McConnell, anasayinirana pangano la mgwirizano. Choncho Shuttle Row ndi gawo la mbiri yathu, ngakhale ili kutsidya kwa nyanja.

Kunonso tili ndi zitsanzo zosonyeza kuti nyumba yakale ikapatsidwa ntchito imakhala ndi moyo. Nyumba ya Mandala mu Blantyre, imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, ikadalipo ndi khonde lake lozungulira, ndipo imasunga laibulale ya Society of Malawi. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott anamanga ndi amisiri a kuno pakati pa 1888 ndi 1891, anthu akupempheramobe Lamulungu lililonse. Nyumba ya miyala ya Robert Laws ku Livingstonia inasanduka mosungiramo zinthu zakale. Tilinso ndi chitsanzo cha mbali inayo: tchalitchi cha John Chilembwe ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu chinaphwasulidwa ndi asilikali a atsamunda mu 1915. Dr Daniel Malikebu atabwera mu 1926 anadzutsanso mishoni ndipo tchalitchi china chinamangidwa, koma choyamba chija, chimene Chilembwe ndi anthu ake anaumbira njerwa ndi manja awo, sitidzachionanso. Madzi akatayika saoleka.

Pakati pa zitsanzo zotchukazi pali nyumba zambiri zopanda wozilankhulira. Pali maboma akale, masiteshoni a sitima, masitolo akale a m'matauni, makalasi oyamba a sukulu za mishoni, nyumba za mafumu, ndi nyumba zimene anthu omenyera ufulu ankakumaniramo usiku. Zina zadyedwa ndi chiswe, zina malata ake anapita ndi mphepo, zina zagwetsedwa kuti pamangidwe malo ogulitsira mafuta a galimoto. Lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale tili nalo, koma lamulo palokha silikwera padenga kukasintha lata.

Mbiri ya Shuttle Row ikutiphunzitsa zinthu zitatu. Choyamba, nyumba siyenera kukhala yokongola kapena ya munthu wolemera kuti isungidwe. Chipinda chimodzi cha banja losauka chikhoza kunyamula mbiri ya maiko awiri. Chachiwiri, opulumutsa nyumba kawirikawiri amakhala anthu a pamalopo, ndipo boma ndi mabungwe amabwera pambuyo akaona kuti eni ake ayambapo. Chachitatu, kukonza kamodzi sikokwanira. Shuttle Row inakonzedwa mu 1929, inafunanso ntchito yaikulu mu 2017, ndipo idzafunanso ina m'tsogolo.

Inu amene mukuwerenga, yang'anani kwanuko. Ngati pali nyumba yakale ya mpingo, ya sukulu, ya boma kapena ya makolo anu imene yayamba kung'aluka, musadikire kuti wina achokere ku Lilongwe kapena kunja. Funsani achikulire amene akudziwa mbiri yake adakali moyo, ndipo muilembe. Jambulani zithunzi. Kadziwitseni afumu, akhonsolo ndi a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Kenako sonkhani kangachepe, muitane mmisiri, muyambe ndi denga mvula isanagwe.